Receiver ya EMI Ikachulukiridwa: Kuzindikira Manambala Abodza ndi Kukonza Vutolo

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'malabotale oyezera phokoso la magetsi, limene amisiri amalitchula mwachidule kuti EMI, ndi lakuti chipangizo chimodzi chomwecho chimapereka manambala osiyana malinga ndi tsiku kapena makina amene achiyezera, ngakhale palibe amene wachisintha. Lero chaja ya laputopu yapambana mayeso ndi mpata wa 4 dB, mawa yalephera pa frequency imene dzulo panalibe kanthu. Nthawi zina mmisiri amawonjezera filter yodula pa bolodi, koma nsonga imene ikumusowetsa mtendere pa sikirini siyitsika n'komwe. Zikatero ambiri amakayikira chipangizo chimene akuyesa, ena amakayikira kebulo kapena mlongoti, koma ochepa okha ndi amene amayamba adzifunsa ngati receiver kapena spectrum analyzer yawo, makina oyezera phokosolo, ikugwirabe ntchito m'malire a mphamvu imene ingathe kunyamula. Funso limeneli liyenera kukhala loyamba, chifukwa makina ochulukiridwa sasiya kuonetsa manambala, ndipo manambalawo amaoneka abwinobwino ngati ena onse.

Gwero la vutoli lili pa mmene makinawa anapangidwira. Siginolo ikalowa, imadutsa mu attenuator imene imachepetsa mphamvu yake, nthawi zina imadutsanso mu preamplifier imene imakweza mphamvu yake, kenako imafika pa mixer yoyamba, chigawo chimene chimasintha frequency ya siginolo kuti iyezeke. Filter yopapatiza imene imasankha frequency imodzi yoti iyezedwe, imene kukula kwake kumatchedwa RBW, imabwera pambuyo pa mixer. Izi zikutanthauza kuti mixer imalandira zonse zimene zili pa kebulo nthawi imodzi, kuphatikizapo masiginolo amene ali kunja kwa gawo limene mukuliona pa sikirini. Zili ngati sikelo ya pamsika imene inapangidwa kuti iyeze makilogalamu 50 koma pakoleka matumba awiri: singano imafika kumapeto n'kuima, ndipo wowerenga singano yokhayo angalumbire kuti katunduyo ndi makilogalamu 50. Kusiyana kwake n'kwakuti mixer yochulukiridwa siimangoima, imayambanso kupanga masiginolo akeake amene kunja kulibe.

Choncho zolakwika zimakhala za mitundu iwiri, ndipo zimakokera mbali zosiyana. Yoyamba ndi compression, pamene makina amaonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni chifukwa mixer kapena amplifier yafika pothera mphamvu zake. Opanga makina amalemba malo amene kutsikako kumafika 1 dB, ndipo pa ma spectrum analyzer ambiri malowa amakhala chapafupi ndi 0 dBm kapena kupitirirapo pang'ono pa mixer. Mu 50 Ω, 0 dBm ndi chimodzimodzi 107 dBµV, ndipo nambala imeneyi ndi yofunika kuiloweza. Yachiwiri ndi ma harmonic (masiginolo a pa frequency yochulukitsidwa kawiri, katatu ndi kupitirira) ndi intermodulation (masiginolo obwera ma frequency awiri kapena kuposa akasakanikirana) obadwira mkati mwa makina, amene amaoneka ngati nsonga zenizeni. Cholakwika chachiwirichi chimaonongetsa ndalama, chifukwa chipangizo chabwino chimakanidwa, koma choyamba ndi choopsa kwambiri chifukwa chimapambanitsa chipangizo chimene chikanayenera kulephera, ndipo palibe amene amabwereza mayeso amene amukomera.

Mayeso a 10 dB

Njira yodalirika yozindikirira vutoli siifuna chida chatsopano. Ikani marker pa nsonga imene mukuikayikira, lembani nambala yake, kenako wonjezerani attenuation ya mkati mwa makina ndi 10 dB popanda kusintha china chilichonse. Popeza makinawo amabwezera okha 10 dB imeneyi powerengera, siginolo yeniyeni iyenera kukhala pomwe inali, ndipo chimene chiyenera kukwera ndi phokoso la makina enieniwo lokha, lija limaoneka ngati udzu pansi pa sikirini, limene limakwera ndi pafupifupi 10 dB. Ngati nsonga yasuntha kupitirira 1 dB, nambala yoyamba ija musaikhulupirire.

Mbali imene yasunthira ndi imene imakuuzani matenda ake. Nsonga ikakwera, ndiye kuti panali compression, ndipo muyenera kupitiriza kuwonjezera attenuation mpaka nambala itasiya kusintha. Ikatsika, ndiye kuti inabadwira mkati. Kukula kwa kutsikako nakonso kumanena zambiri: chotuluka cha mlingo wachiwiri, monga harmonic yachiwiri kapena kuphatikizana kwa ma frequency awiri, chimatsika ndi 2 dB pa 1 dB iliyonse imene yachotsedwa pa mixer, pamene cha mlingo wachitatu chimatsika ndi 3 dB. Mukawonjezera 10 dB, choyamba chimatsika ndi 20 dB pa mixer ndipo chachiwiri ndi 30 dB, koma chifukwa makina amabwezera 10 dB, pa sikirini mudzaona kutsika kwa 10 dB ndi 20 dB. Nsonga imene yatsika ndi 2 dB kapena 3 dB yokha nthawi zambiri imakhala yosakanikirana, kutanthauza kuti pa frequency imeneyo pali siginolo yeniyeni ndipo pamwamba pake paunjikana chopangidwa ndi makina.

Pali msampha umodzi umene umakola ngakhale amisiri akale pantchitoyi. Attenuator ya mkati imateteza zokhazo zimene zili kumbuyo kwake. Ngati mwaika preamplifier yakunja pakati pa mlongoti ndi receiver, ndipo yachulukiridwa ndi preamplifier imeneyo, mungasinthe attenuation ya mkati mmene mungafunire koma nambala siidzasuntha, ndipo mudzakhulupirira kuti zonse zili bwino. Nyali kapena mawu ochenjeza za overload, kutanthauza kuchulukiridwaku, pa sikirini nawonso sadzaoneka, popeza receiver siidziwa zimene zikuchitika kunja kwake. Apa pamafunika attenuator yapayokha ya 10 dB, imene amisiri amaitcha pad, yomangidwa polowera pa preamplifier. Makina sabwezera 10 dB imeneyi, choncho nsonga yeniyeni iyenera kutsika ndi 10 dB ndendende. Ikatsika ndi zochepa, panali compression, ndipo ikatsika ndi zambiri, inali yopangidwa mu preamplifier. Kuwerengera pang'ono kumasonyeza chifukwa chake izi zimachitika msanga: preamplifier yokweza ndi 30 dB imene imafika pa compression potulutsa +10 dBm imakhala itafika kale pamenepo siginolo yolowa ikangokwana pafupifupi −20 dBm, kapena kuti 87 dBµV, ndipo wayilesi ya FM ya m'tauni momwemo ikhoza kufikitsa mphamvu yotere pa mlongoti waukulu.

Milongoti yokhala ndi amplifier mkati mwake, monga active rod ndi active loop, ndi yovuta kuposa apa chifukwa palibe malo omangirapo pad kutsogolo kwa amplifier. Chimene mungachite ndi kuyerekeza nambala ndi ya mlongoti wopanda amplifier, komanso kuonetsetsa kuti batire lake ndi lodzadza, chifukwa batire likafooka amplifier imachulukiridwa ndi siginolo yochepa kuposa masiku onse.

Chimene chikuchulukitsa sichikhala pa sikirini

Mukatsimikiza kuti makina achulukiridwa, musathamangire kungosiya attenuation yaikulu n'kupitiriza. Yambani mwapeza siginolo imene yayambitsa. Tambasulani span, gawo la ma frequency looneka pa sikirini, kuchokera pa frequency yotsikitsitsa imene makina angaone mpaka pamwamba penipeni, ikani attenuation ya 30 dB kapena kuposa, zimitsani preamplifier, ndipo yang'anani nsonga yaikulu kuposa zonse. Kawirikawiri imakhala kunja kwa gawo limene lamulo likufuna kuti muyeze.

Pa mayeso a phokoso loyenda m'mawaya a magetsi, amene amachitika ndi LISN ya 50 µH ndi 50 Ω (bokosi loikidwa pakati pa magetsi ndi chipangizo, lopereka phokosolo ku receiver) kuyambira 150 kHz mpaka 30 MHz, wolakwa nthawi zambiri amakhala pansi pa 150 kHz. Ma power supply ambiri amakono amatsegula ndi kutseka magetsi pa ma frequency monga 65 kHz kapena 100 kHz, ndipo opanga ambiri amasankha dala frequency ya pansi pa 150 kHz kuti siginolo yaikuluyo ikhale kunja kwa malire a mayeso. Tiyerekeze kuti power supply ya kompyuta imene filter yake ndi yofooka ikutulutsa 120 dBµV, kapena kuti volt imodzi, pa 65 kHz. Harmonic yake yachitatu ikugwera pa 195 kHz, pamene malire a muyezo wa CISPR 32 a Class B (gulu la zipangizo za m'nyumba) pa quasi-peak (imodzi mwa ma detector, zigawo zosandutsa siginolo kukhala nambala) ndi pafupifupi 64 dBµV, popeza amatsika kuchokera pa 66 dBµV pa 150 kHz kufika pa 56 dBµV pa 500 kHz. Kusiyana kwa siginolo yaikuluyo ndi malirewo ndi 56 dB, ndipo mixer kapena diode iliyonse imene yapotoza siginoloyo ngakhale pang'ono ipanga nsonga yodutsa malire pa 195 kHz, pa 325 kHz ndi pa 455 kHz.

Ndatchula diode dala, chifukwa transient limiter, imene imaikidwa kuti iteteze makina, ndi imene imayambitsa nkhani zambiri zoterezi. Mkati mwake muli ma diode odula siginolo ikakula, ndipo siginolo yodulidwa mofanana pamwamba ndi pansi imabala ma harmonic achitatu, achisanu ndi achisanu ndi chiwiri. Popeza limiter ili kunja kwa receiver, mayeso ake ndi ofanana ndi a preamplifier yakunja: pad iikidwe pakati pa LISN ndi limiter, osati kumbuyo kwake. Mankhwala enieni ndi high-pass filter ya 150 kHz yoikidwa kutsogolo kwa limiter, imene imachotsa 65 kHz isanafike pa diode, koma kutayika kwa mphamvu kwa filter imeneyo pafupi ndi 150 kHz kuyenera kuyezedwa n'kulowetsedwa m'mawerengero.

Pa mayeso a phokoso louluka mumlengalenga, kuyambira 30 MHz mpaka 1 GHz, vuto limakula kwambiri kwa amene alibe chipinda chotchingidwa ndi zitsulo ndipo amayezera panja kapena m'chipinda wamba. Mawayilesi a FM, amene ali pakati pa 87.5 MHz ndi 108 MHz, amafika pa mlongoti ndi mphamvu yoposa kutalitali malire a 30 dBµV/m amene Class B imalola pa mtunda wa mamita 10 kuyambira 30 MHz mpaka 230 MHz. Mawayilesi awiri amphamvu, tinene wina pa 95 MHz ndi wina pa 100 MHz, akalowa mu amplifier yochulukiridwa amabala nsonga pa 90 MHz ndi pa 105 MHz, zimene ndi za mlingo wachitatu, komanso pa 190 MHz, 195 MHz ndi 200 MHz, zimene ndi za mlingo wachiwiri. Njira yachidule yozigwirira ndi kuzimitsa chipangizo chimene mukuyesa n'kuona ngati nsongazo zatsala, komanso kumvetsera ndi demodulator ya FM: nsonga ya pa 195 MHz imene ikulankhula kapena kuimba siichokera m'chipangizo chanu. Notch filter yotchinga gawo la FM lokha yoikidwa kutsogolo kwa preamplifier imathetsa vutoli, ngakhale kuti gawo la FM lenilenilo muyenera kuliyeza padera filter itachotsedwa. Chimodzimodzi ndi chipangizo chimene chili ndi chotumizira mafunde chakechake, monga Wi-Fi ya pa 2.4 GHz: poyeza ma harmonic ake, siginolo yake yaikulu iyenera kutsekerezedwa ndi filter, apo ayi mudzakhala mukuyeza harmonic ya mixer yanu.

Phokoso lothetheka

Mtundu wovuta kwambiri kuuzindikira ndi wa ma pulse afupiafupi, amene amachokera ku mota zokhala ndi maburashi, ma relay, ma thermostat ndi china chilichonse chothetheka. Pulse yaifupi imamwaza mphamvu yake pa ma frequency onse, ndipo msinkhu wake wa voltage umakula molingana ndi kukula kwa bandwidth imene yadutsamo, kutanthauza 20 dB pa kuchulukitsa kulikonse ka 10, pamene phokoso wamba limakula ndi 10 dB yokha. Filter ya 9 kHz imaona kachigawo kochepa chabe ka pulse, koma mixer yopanda chotchinga imaona yonse. Ngati pulse yafalikira mpaka 30 MHz, kusiyana kwa zimene mixer yalandira ndi zimene sikirini ikuonetsa kungafike pafupifupi 70 dB, ndipo pa 1 GHz poyerekeza ndi 120 kHz kungafike pafupifupi 78 dB. Motero sikirini ikhoza kuonetsa 50 dBµV, nambala yooneka yofatsa, pamene mixer ikumenyedwa ndi 120 dBµV.

Detector ya quasi-peak imawonjezera vutoli chifukwa imachepetsa dala nambala ya ma pulse obwera patalipatali. Pa gawo la 150 kHz mpaka 30 MHz imadzadza mu 1 ms n'kukhuthuka mu 160 ms, ndipo pa 30 MHz mpaka 1 GHz imadzadza mu 1 ms n'kukhuthuka mu 550 ms. Kuti pulse imodzi pa sekondi ionetse nambala yofanana ndi ma pulse 100 pa sekondi, iyenera kukhala yaikulu ndi 22.5 dB pa gawo loyamba ndi 28.5 dB pa gawo lachiwiri. N'chifukwa chake CISPR 16-1-1, muyezo umene umafotokoza mmene receiver iyenera kukhalira, umafuna mpata wa overload wa 24 dB pa 9 kHz mpaka 150 kHz, 30 dB pa 150 kHz mpaka 30 MHz, ndi 43.5 dB pa 30 MHz mpaka 1 GHz m'zigawo zonse za kutsogolo kwa detector. Chimene chimathandiza receiver yeniyeni kukwanitsa zimenezi ndi preselector, gulu la ma filter amene ali kutsogolo kwa mixer ndipo amangolowetsa kachigawo ka ma frequency ozungulira pamene mukuyeza. Spectrum analyzer yopanda preselector ndi yothandiza pofufuza ndi poyerekeza, ndipo pa masiginolo okhazikika a ma clock imachita bwino, koma pa ma pulse obwera kosakwana ka 20 pa sekondi nambala yake ya quasi-peak si yoyenera kuilemba mu lipoti. Ngati makina anu ali ndi preselector, onani ngati ili yoyatsa, chifukwa makina ena akakhala pa mode ya spectrum analyzer amailambalala.

Ma receiver amakono a FFT, amene amayeza ma frequency ambirimbiri nthawi imodzi, asamutsira vuto lomweli ku ADC, chigawo chosandutsa siginolo kukhala manambala a kompyuta. ADC ikadzadza imadula siginolo mwadzidzidzi, ndipo phokoso limakwera pa gawo lonse limene likuyezedwa nthawi imeneyo. Chizindikiro chake chimakhala masitepe pa mzere wa phokoso, okwera ndi kutsika pa malire a zigawo za FFT. Chenjezo la overload likawala kamodzi kokha n'kuzima pakati pa scan, scan yonseyo ibwerezedwe.

Attenuation ikachuluka

Kuwonjezera attenuation kuli ndi mtengo wake, chifukwa 10 dB iliyonse imakweza phokoso la makina ndi 10 dB. Siginolo ikayandikana ndi phokosolo, ziwirizi zimaphatikizana ndipo nambala imakwera kuposa yeniyeni, makamaka pa detector ya peak. Lamulo lodziwika ndi lakuti phokoso la dongosolo lonse, mutaphatikiza antenna factor (nambala yowonjezera chifukwa cha mlongoti) ndi kutayika kwa m'kebulo, likhale pansi pa malire ndi 6 dB kapena kuposa. Ntchito yeniyeni ndi kupeza attenuation yochepetsetsa imene ikudutsa mayeso a 10 dB, ndipo ngati palibe attenuation imene ikukwanitsa zonse ziwiri, yankho lake ndi filter, osati kusankha nambala imene yakukomerani. Ngakhale zili choncho, 0 dB ndi yoyenera kuipewa pokhapokha palibiretu njira ina. Kuwonjezera pa kusiya mixer poyera, CISPR 16-1-1 imalola VSWR ya polowera, nambala yosonyeza mmene polowerapo pakusiyanirana ndi 50 Ω, kufika 2.0 pa 0 dB, pamene pa 10 dB kapena kuposa imafuna isapitirire 1.2 mpaka pa 1 GHz, ndipo kusagwirizana kwa impedance kumeneku kumalowa mwachindunji mu cholakwika cha muyeso.

Ena amadzitonthoza ponena kuti cholakwika cha 2 dB kapena 3 dB chili mkati mwa uncertainty ya labotale, mpata wa kuphonya umene muyeso uliwonse umakhala nawo. Maganizo amenewa ndi olakwika. CISPR 16-4-2 imapereka 3.4 dB pa mayeso a LISN a 150 kHz mpaka 30 MHz ndi 6.3 dB pa mayeso a mumlengalenga a 30 MHz mpaka 1 GHz, koma manambalawa anawerengeredwa poganiza kuti makina akugwira ntchito m'malire ake. Chimodzimodzi ±2 dB imene receiver imaloledwa kuphonya poyeza sine wave pansi pa 1 GHz. Cholakwika cha overload chimabwera pamwamba pa zonsezi, ndipo setifiketi ya calibration, ngakhale yochokera ku labotale yovomerezeka pa ISO/IEC 17025, siikutetezani kwa icho.

Zina zimene zimanamizira overload ndi zosavuta kuzichotsa. Onani ngati 10 dB ya mkati mwa limiter yalowetsedwa m'mawerengero kamodzi, osati kawiri kapena kuiwalidwa. Onani ngati RBW ndi ya EMI, yoyezedwa pa 6 dB, yomwe ndi 200 Hz, 9 kHz kapena 120 kHz malinga ndi gawo, osati 10 kHz kapena 100 kHz wamba ya pa 3 dB. Onaninso liwiro la sweep, chifukwa quasi-peak imafuna masekondi 200 pa MHz iliyonse kuyambira 150 kHz mpaka 30 MHz ndi masekondi 20 kuyambira 30 MHz mpaka 1 GHz, n'chifukwa chake anthu amayamba ndi peak n'kudzayeza quasi-peak pa nsonga zokha. Nsonga yosakhazikika iyenera kuyang'aniridwa kwa masekondi osachepera 15.

Ngati makina apsa kale

Nthawi zina attenuation ikasinthidwa nambala imasuntha ngakhale pa siginolo yaing'ono yoyera, ndipo apa vuto si overload ya lero koma chilonda cha overload yakale. Makina ambiri amapirira +30 dBm, kapena watt imodzi, pokhapokha attenuation ili 10 dB kapena kuposa, ndipo ena salola DC ngakhale pang'ono polowera. LISN imatulutsa chiphaliwali chachikulu cha voltage panthawi yoyatsa kapena kuzimitsa magetsi ndiponso posintha kuchoka pa live kupita pa neutral, ndipo chimodzi chokha n'chokwanira kupsereza mixer kapena sitepe imodzi ya attenuator. Choncho kebulo ya RF imangidwe pa receiver chipangizo chitayaka kale, ndipo ichotsedwe musanachizimitse. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima mosachenjeza n'kubwereranso mosachenjeza, kapena jenereta imalowa yokha, lamuloli likufuna chowonjezera: magetsi akangothima, chotsani kebuloyo nthawi yomweyo, ndipo receiver isasiyidwe yomangidwa pa LISN popanda munthu pafupi.

Poyeza ngati makina avulala, gwiritsani ntchito signal generator yodalirika, ikani siginolo ya 60 dBµV pa ma frequency angapo, kuphatikizapo otsika monga 200 kHz ndi okwera monga 900 MHz, ndipo dutsani masitepe onse a attenuator limodzilimodzi, preamplifier ili yoyatsa komanso ili yozimitsa. Sitepe yopsa imadzionetsa yokha ndi nambala yosiyana ndi anzake, pamene mixer yovulala imatsitsa manambala onse pamodzi ndipo imapanga harmonic yachiwiri yaikulu kuposa imene yalembedwa m'buku la makinawo. Makina otero apite kokakonzedwa, ndipo malipoti onse amene anatuluka kuchokera tsiku limene munawatsimikizira komaliza aunikidwenso. Tsiku limenelo limadziwika pokhapokha ngati labotale imayeza comb generator, kachipangizo kotulutsa nsonga zodziwika pa ma frequency ambiri, m'mawa uliwonse isanayambe ntchito n'kusunga zotsatira zake. Mu lipoti la mayeso alionse lembani attenuation imene munagwiritsa ntchito, ngati preamplifier ndi preselector zinali zoyatsa, ma filter ndi ma pad amene anali pa kebulo ndi malo ake, komanso manambala onse awiri a mayeso a 10 dB pa nsonga zimene zinali pafupi ndi malire.